Momwe ndinadzazira khitchini popanda chimanga, nyemba ndi mtedza

Mwezi wa June chaka chatha, anzanga a kuntchito ali kalikiliki kusaka matumba a chimanga cha chaka chonse, ine ndinali pamsika wa paboma ku Kasungu ndi kapepala kopanda chimanga, mpunga, nyemba, soya ngakhale mtedza. Kuchipatala anali atandiuza kuti shuga wanga wayamba kukwera ndipo thupi lachuluka. Nditakambirana ndi adokotala, tinagwirizana kuti ndiyesere kadyedwe ka paleo kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndizipita kukayezetsa mwezi ndi mwezi.

Kadyedwe kameneka kamati munthu azidya zomwe ankadya anthu ulimi usanayambe, zaka pafupifupi 10,000 zapitazo: nyama, nsomba, mazira, masamba, zipatso, nthanga ndi zokumba pansi. Ganizoli linamveka kwambiri Boyd Eaton ndi Melvin Konner atalemba za nkhaniyi ku America mu 1985, kenako Loren Cordain analifalitsa ndi buku lake mu 2002. Zonse za mtundu wa chimanga ndi tirigu amazichotsa, mkaka amauchotsa, shuga ndi mafuta a m'fakitale chimodzimodzi. Chomwe chinandiwawa ndi mtedza. Ife timauona ngati wa payokha, koma uli m'gulu limodzi ndi nyemba ndi nandolo, ndiye nsinjiro zonse zinatuluka m'ndiwo zanga. Munthu wokulira ku Chamama, komwe mtedza umachita kuunjikidwa pabwalo, izi sizinali zopepuka.

Mndandanda woyamba ndinautenga pa intaneti. Munali ufa wa almond, mafuta a kokonati, nsomba ya salmon. Zina mwa zimenezi zimapezeka m'mashopu akuluakulu ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 130, ndipo mtengo wa kabotolo kamodzi ungakugulire ndiwo za sabata yathunthu. Mndandandawo ndinaung'amba. Papepala latsopano ndinadzifunsa kuti chokhutitsa chikhala chiyani, ndiwo zikhala chiyani, nanga ndi ziti zingakhale miyezi osaola magetsi atathima. Funso lomalizali ndi lomwe linalamulira kagulidwe konse.

Ndinayamba ndi mbatata, chifukwa June ndi July ndi nthawi yake, imakhala mbwee pamsika ndipo mlimi amalola kukambirana mtengo. Ndinagula matumba awiri, limodzi la yoyera, lina la yofiira m'kati ija, monga Kadyaubwerere ndi Zondeni. Yofiirayo ndinaifuna dala. Shuga ndi mafuta ophikira a m'sitolo kuno amathiramo vitamini A, ndiye ukasiya zonse ziwiri uyenera kudziwa komwe uzimupeza.

Thumba loyamba ndinalitsamiritsa pakona m'khitchini lili chimangire. Patatha masabata awiri linayamba kutulutsa fungo, ndipo nditakhuthula ndinapeza gawo lalikulu lafewa. Mayi anga atabwera kudzationa anayang'ana mulu uja n'kugwira pakamwa.

"Mwanawe, mbatata sasunga m'thumba ngati chimanga. Nkhuti unaiiwala?"

"Amayi, ndinaiona ndili wamng'ono, kukumba kwake sindikukumbuka."

"Tenga khasu."

Tinakumba dzenje lofika m'maondo pamthunzi kuseri kwa nyumba, pamalo posadikha madzi. Pansi ndi m'mbali tinayala udzu wouma. Mayi anakhala pamphasa n'kumasankha imodziimodzi, akuitembenuza m'manja. Iliyonse yotemedwa ndi khasu, yosupuka khungu kapena yokhala ndi timabowo ta anankafumbwe ankaiponyera kumbali kuti tidye msanga. Zabwinozo tinaziyanika pamthunzi masiku atatu kuti khungu likhwime, kenako tinazisanja m'dzenjemo, mzere wa mbatata, phulusa, mzere wina, phulusa, pamwamba udzu ndi dothi, n'kumangapo kadenga. Mbatata imeneyo inandifikitsa mu October, ndipo inkatsekemera kwambiri masiku akamapita.

Chinangwa sichichedwa, chikakumbidwa lero mkuja chayamba kuda m'kati. Choncho chachiwisi ndimagula cha tsiku limodzi basi. Chosunga ndi makaka ochokera ku Nkhotakota, amene ndimakagayitsa pang'onopang'ono kuti ndizipeza kondowole tsiku lomwe mtima ukufuna chinthu chotema ndi dzanja. Pogula funsani ngati chinangwacho chinaviikidwa. Chowawa chili ndi poizoni amene amachoka chikakhala m'madzi masiku angapo n'kuyanikidwa bwino. Makaka ndimasunga m'thumba la PICS, lija la mapulasitiki awiri m'kati, chifukwa anankafumbwe amawakonda ngati momwe amakondera chimanga. Ndinenenso kuti kondowole ndi mbatata zimakwezabe shuga ukadya zambiri, ndiye mbale yanga ndi yaing'ono, masamba ndiwo amachuluka.

Pa nsomba m'pamene ndinaphunzira zambiri. Mayi wina amene amapikula ku Nkhotakota, kudzera msewu wodutsa m'nkhalango uja, anandiuza kuti ndisamangobwera tsiku lililonse.

"Asisi, muziyang'ana mwezi kumwamba. Usipa amaupha usiku ndi nyali. Mwezi ukawala subwera kunyali, ndiye kuno mtengo umakwera. Mubwere kukakhala mdima."

Anawonjezera kuti miyezi ya mwera, kuyambira cha mu May mpaka August, nyanja imavuta ndipo asodzi masiku ena salowa n'komwe. Ndinadikira mpaka September, mphepo itagwa, n'kugula ndowa imodzi ya malita 20 ya usipa wofutsa ndi zigoba ziwiri za utaka. Poyesa ndimatenga kamodzi n'kukathyola. Kouma bwino kamati thyo, konyowa kamangopindika, ndipo kameneko m'nyumba kamachita nkhungu sabata isanathe. Ndimanunkhizanso pansi pa dengu, osati pamwamba pomwe wogulitsa wakonza. Kunyumba ndimauyanikanso tsiku lathunthu pathandala, kenako ndimauika m'dengu loyala mapepala, lopachikidwa pomwe mphaka sangafike. Ndowa yapulasitiki yotseka ndinaiyesa kamodzi nyengo yotentha, inachita thukuta m'kati. Masabata awiri aliwonse ndimautulutsanso padzuwa. Usipa ndi wofunika kawiri kwa munthu wosiya mkaka, popeza timaudya ndi minga yomwe, ndipo mingayo ndi yomwe ili ndi mchere wolimbitsa mafupa.

Nyama inandiphunzitsa mowawa. Tinasonkha anthu anayi n'kugula mbuzi kumudzi, yanga ndinaiika yonse mufiriji. Sabata yomweyo magetsi anathima masiku awiri ndipo theka ndinakakwirira. Ulendo wachiwiri ndinaidula timizere, kuthira mchere, kuiwamba pamoto wa makala mpaka itauma gwa, mufiriji n'kusiyamo ya masiku atatu okha. Mazira ndimagula thireyi imodzi ya 30, osapitirira, ndipo sindiwatsuka mpaka nthawi yophika.

Masamba a chaka chonse amakonzedwa nthawi ya dzinja, February ndi March, pamene bonongwe, chisoso, luni ndi nkhwani zimangomera paliponse. Chaka choyambacho nyengoyi inali itandidutsa, moti mfutso ndinachita kukapempha kwa mayi, zikwatu zitatu zokulunga ndi masamba a msuku. Chaka chino ndafutsa ndekha: kuwiritsa pang'ono m'madzi a mchere, kukhetsa, kuyanika pamphasa pamalo opita mphepo mpaka azifumbutuka m'manja. Bowa wa utale nayenso ndinayanika. Koma mfutso wopanda nsinjiro ndi wosautsa kukhosi, ndipo masabata oyamba ndinkangoudya mokakamiza. Mayi ndi amene anandikumbutsa nthanga za maungu. Kuzikazinga pang'ono m'phale, kusinja mumtondo, kusefa, n'kutendera monga mwa masiku onse. Kakomedwe kake n'kosiyana ndi ka mtedza, koma msuzi umagwirana bwinobwino. Tsopano aliyense wodya maungu pamzere wathu amadziwa kuti nthanga asataye, ndipo ndili ndi mabotolo anayi odzaza.

Za mafuta sindinavutike nazo. Mafuta a nkhumba ndimasungunula ndekha n'kuika m'botolo, nthawi ya mapeyala ndimadya mapeyala. Malambe ndimagula ambiri nyengo ya chilimwe chifukwa amakhala miyezi osasintha. Mango, masuku ndi magwafa ndimadya pa nyengo yake, sindilimbana n'kuzisunga. Uchi ndili ndi botolo limodzi lochokera kwa alimi a njuchi a kufupi ndi nkhalango ya Kasungu, ndipo chifukwa cha shuga uja limatha miyezi. Matondo akatuluka ndimagula chigoba chimodzi chouma.

Pali malo awiri pomwe sindinawamvere eni kadyedweka. Ena mwa iwo amati mchere nawo uchoke, kapena uzigula wosathira kanthu. Ine mchere wa ayodini sindinausiye. Ndinakula ndikuona amayi achikulire ali ndi zotupa zapakhosi, ndipo dziko lino linalamula kuti mchere ukhale ndi ayodini pa chifukwa chimenecho. Kachiwiri ndi ana. A zaumoyo amatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo paleo imachotsa gulu lonse la zanyemba. Munthu wamkulu wopeza ndalama ya nsomba ndi mazira angathe kutseka mpatawo, koma mwana amene akukula sindingamumane nyemba, soya ndi phala la mtedza. Choncho matumba a chimanga a ana ndi bambo awo ali pomwe amakhala nthawi zonse, ndipo zanga zili pashelefu ya kumanzere. Ndikaphika mphika wa nyemba fungo limandikoka ndithu, ndipo ndinauza adokotala kuti mwina ndidzazibwezera pang'ono, chifukwa iwonso sanaone cholakwa pa nyemba.

Miyezi yovuta ndi December ndi January. Mbatata ya m'nkhuti imakhala itatha, yatsopano isanakhwime, chinyezi chikulowa m'dengu la usipa. Nthawi imeneyo ndinadalira nthochi zosapsa zophika, makaka otsala ndi maungu oyamba a kudimba. Chaka chino nkhuti ndakumba ziwiri, ndipo yachiwiriyo sindiitsekula mpaka mvula yoyamba itagwa. Kuseri kwa bafa ndaunda mizere isanu ndi itatu, mbewu ya kholowa mayi alonjeza kuti abwera nayo kuchokera ku Chamama.