Mlamba wa m'beseni

Tulo tandithawa, ndiye ndingolemba.

Mlamba womwe ndinagula masana unafika pakhomo ukadali moyo. Milamba ndi choncho, imatha kupuma mpweya wapamtunda, ndiye imakhala maola ambiri kunja kwa madzi ikungophiriphitha. Ndili pakati posaka mtengo woti ndiumenyere, mwana wa achemwali uja, wazaka 7, anadzanjuta pambali pa beseni.

"Amalume, mukaumenya pamutupo umva kuwawa?"

"Nsomba simva kuwawa iwe. Katenge mpeni."

"Mwadziwa bwanji? Chifukwa choti siikulira?"

Pakamwa panga panangoti gwa. Kamwanako kanandigwira pakhosi. Mbuzi ya pa Khirisimasi ikamalira ngati khanda, azimayi amathawira kuseri kwa nyumba. Nkhuku timangoiponda mapiko, chisoni chake n'chapatali. Ngumbi ndiye timaziponya m'chiwaya zikuyendayenda, ifenso tikuseka. Zikuoneka kuti chifundo chathu chimatsata kukula kwa mawu.

Chimene chikundinyansa n'chakuti ndinamunamiza ndikudziwa. Nkhani ya Lynne Sneddon, katswiri wofufuza za nsomba, ndinaiwerengapo kale. Mu 2003, ku Scotland, iye ndi anzake anabaya nsomba za trout pamilomo, zina ndi ululu wa njuchi, zina ndi asidi wa mu viniga. Zina mwa izo zinayamba kukhutiza milomo pamiyala ya pansi, ndipo panapita pafupifupi maola 3 zisanayambirenso kudya. Alipo akatswiri otsutsa, akuti ubongo wa nsomba ulibe mbali imene ife timamvera ululu, thupi limangodzidzimuka basi. Mwina. Koma ku Britain lamulo la mu 2022 linafika mpaka pa nkhanu, kuziwerengera m'gulu la zamoyo zomva ululu. Nkhanu, zomwe tinkathyola miyendo kudambo tili ana!

Nditawafotokozera amayi a kunyumba anaseka mpaka misozi. "Ndiye bambo, nsimayi tizidyera mchere?" Sindinawayankhe. Masiku ano ndikumapsa mtima ndi tinthu tating'onoting'ono, kaya ndi kutenthaku kaya.

Ndinaumenya kamodzi, mwamphamvu, kuti zithe msanga. Mchira unapitirizabe kugwedera mpeni utadutsa kale, mwana ali phee kuyang'ana. Pa mphasa ndi iyeyo anapempha mutu, n'kuupsopsona mpaka fupa, funso lake ataliiwala.

Kunja kwayamba kuwaza. Ikagwa usiku wonse, mawa ngumbi zituluka, ndipo chidebe chili pakhonde.