Mowa ndi BP ya abambo athu kuno ku Joni

M'magulu a WhatsApp a Amalawi kuno ku Johannesburg simutha nthawi yaitali osabwera uthenga wopempha chopereka choti thupi la m'bale wathu lipite kumudzi, ndipo kawirikawiri malemuyo amakhala bambo wa zaka zapakati pa 40 ndi 60 amene dzulo lake anali pa ntchito ali bwinobwino. Anthu amangoti anagwa mwadzidzidzi, ena n'kuyamba kunong'onezana za ufiti. Ine ndimaona kuti pa imfa zambiri zoterezi tikanayamba tafunsa za mowa ndi BP.

Mowa wambiri umakweza BP, umafooketsa minofu ya mtima, ndiponso umasokoneza kagundidwe kake, makamaka kwa munthu amene amadziletsa masiku a ntchito koma n'kudzaupapira Loweruka ndi Lamlungu. Choopsa n'chakuti BP yopitirira 140/90 nthawi zambiri siimveka m'thupi, kotero mwini wake amadziwa tsiku limene sitiroko yamupha ziwalo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kuti m'chaka cha 2019 mowa unapha anthu 2.6 miliyoni padziko lonse, ndipo 2 miliyoni mwa iwo anali amuna.

Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2018, wokhudza anthu akumwa pafupifupi 600,000, anapeza kuti chiopsezo cha imfa chimayamba kukwera munthu akamapitirira magalamu 100 a mowa weniweni pa sabata. Botolo lalikulu la biya la 750 ml, lija amuna amaliika pansi pa mpando ku shebeen, limakhala ndi magalamu pafupifupi 30, ndiye kuti mabotolo anayi okha apyola kale malirewo. Kireti ya mabotolo 12 imadutsa magalamu 350, mlingo umene kafukufukuyo anati ukamamwedwa sabata iliyonse umadula zaka zinayi kapena zisanu pa moyo wa munthu wa zaka 40. Mukawonjezapo fodya, nyama yowotcha yothiridwa mchere wambiri, shuga wosadziwika ndi kusagona kwa amene amalondera usiku, mtima umasenza katundu woposa mphamvu zake.

Ndikudziwa kuti ambiri amamwa chifukwa cha nkhawa za lendi, mapepala ndi ana amene akudikira ndalama kumudzi, ndipo mantha a mapepala omwewo ndi amene amawalepheretsa kupita kukiliniki. Koma achimwene anga, m'mafamase ambiri amayeza BP pa mtengo wochepa, kuyezako kumatenga mphindi zowerengeka, ndipo ikapezeka yokwera pali mankhwala ngati amlodipine amene amaitsitsa munthu akamamwa tsiku lililonse osadumphitsa.