Sabata ya manaiti pa wodi ya odwala m'mapapo

Sabata ino ndinali pa manaiti ndipo wodi inadzaza thothotho, nyengo yozizira kuno ku England ndi choncho, flu uku COVID uku, manesi tikungothamanga.

Wodwala COVID akagonekedwa, adokotala amawerengera mapointi a 4C Mortality Score kuti tidziwe amene ali pachiopsezo chachikulu chomwalira. Njirayi inatuluka mu 2020, a gulu la ofufuza matenda lotchedwa ISARIC anaipanga poona odwala oposa 35,000 m'zipatala 260 za ku England, Scotland ndi Wales. Mapointi amathera pa 21.

Lolemba anabwera agogo aamuna azaka 82. Zaka zokhazo ndi mapointi 7, kukhala mwamuna imodzi, shuga ndi vuto la mtima ziwiri, akupuma ka 26 pa mphindi, okosijeni pa 89, urea (yoonetsa mmene impso zikugwirira ntchito) yakwera pang'ono, CRP (yoonetsa kutupa m'thupi) yapitirira 100, kuphatikiza zonse zinakwana 16. Mutu wawo unkagwira bwinobwino, ankafunsa tiyi ndikumadandaula kuti masiki ikuwafinya mphuno. Koma pa kafukufuku uja, mwa anthu 10 amene anafika pa 15 kapena kupitirira, pafupifupi 6 anamwalira. Zoona manambala amenewo ndi a nthawi imene katemera kunalibe, komabe 16 si yoti munthu ungoiyang'ana ndikudutsa. Adokotala anaimbira mwana wawo wamkazi usiku womwewo, anabwera, anakhala pansi onse atatu ndikukambirana zoti zikavuta tichite chani, ndipo agogowo ananena okha ndi pakamwa pawo kuti makina opumira aku ICU sakuwafuna. Ine apa ndi pamene ndimaona ubwino wa mapointiwa, abale amamva nthawi ilipo, wodwala akadali ndi mawu ake. Anatisiya Lachinayi m'bandakucha mwana wawo ali pambali.

Koma nkhani imene yandikhala mumtima ndi ya mayi wina wazaka za m'ma 50, wakuda ngati ine ndemwe. Kamakina kopana chala koyezera okosijeni kankaonetsa 94, mapointi ake ochepa, papepala ngati woti mawa lake apita kwawo. Koma munthu akulephera kumaliza chiganizo, mapewa akukwera ndi kutsika, thukuta pachipumi. Ndinapempha adokotala kuti titenge magazi a pamkono tiyeze blood gas, kutanthauza okosijeni m'magazi mwenimwenimo, zotsatira zinabwera 89. Kamakinaka kamayeza ndi kuwala kodutsa pakhungu, nde pa khungu lakuda nthawi zina kamaonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni. Ofufuza aku University of Michigan analemba mu December 2020 kuti odwala akuda amaphonyedwa chonchi pafupifupi katatu kuposa azungu. Pa 4C malire a okosijeni ndi 92, ikatsika kuposa pamenepo ndi mapointi awiri, ndiye kamakina kakanama pang'ono pokha mapointi awiri asowa, ndipo choopsa kwambiri nchakuti munthu amachedwa kupatsidwa okosijeni ndi dexamethasone, poti mankhwalawa amapatsidwa kwa amene akufunika okosijeni. Zimenezi zimandipweteka kwabasi chifukwa awa ndi anthu athu.

Mayiwo tinawayamba zonse ziwiri usiku womwewo, pofika Lachisanu anayamba kudya okha. Popereka lipoti kwa a shifiti ya masana ndinawauza kuti aziwerenga kapumidwe kawo mphindi yathunthu ndi wotchi, ndipo akaona kuti nambala ya pachala sikugwirizana ndi mmene munthu akuonekera, ayitane adokotala ayezenso magazi.