Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Zomwe anthu a ku Scotland ankatiuza pa foni voti isanafike

Zikomo nonse amene mwakhala mukundikumbutsa kuti nkhani ndinaisiyira panjira. Tinalekezera pomwe ndinachoka ku ntchito yosamalira okalamba ija n'kulowa kampani yofufuza maganizo a anthu pa foni, ku Glasgow. Ambiri mwafunsa chimodzimodzi: poti unkaimbira anthu tsiku ndi tsiku, kodi unkadziwiratu kuti Scotland ikana kudzilamulira? Kuti yankho limveke ndiyenera kufotokoza mmene ntchitoyo imayendera, chifukwa mkangano wanga ndi alamu aja, amuna a mlongo wanga, unabadwira pomwepo.

Voti inali Lachinayi pa 18 Sepitembala 2014, ndipo funso linali limodzi: kodi Scotland ikhale dziko loima palokha, ndiye kuti ichoke mu UK? Inde kapena Ayi. Mwayi wovota unkatengera komwe munthu akukhala, osati komwe anabadwira. Wobadwira ku Aberdeen, mzinda wa ku Scotland, koma akukhala ku London analibe voti, pomwe ife a m'maiko a Commonwealth okhala ndi mapepala oyenera tinali nayo, bola kulembetsa pofika pa 2 Sepitembala. Ana a zaka 16 ndi 17 nawonso analoledwa.

Kafukufuku mmodzi amafuna anthu pafupifupi 1,000. Nambala imasankha ndi kompyuta, wofunsa saikhudza. Anthuwo amagawidwa: amuna akuti, akazi akuti, misinkhu, dera, mtundu wa ntchito. Gawo likadzaza, ngakhale munthu akhale wofunitsitsa kuyankha, umamuthokoza n'kudula. Masana amene amanyamula foni ya m'nyumba ndi opuma pantchito, ndiye gawo la achikulire linkadzaza msanga, madzulo onse n'kuthera kusaka achinyamata omwe ambiri foni ya m'nyumba alibe. Funso umaliwerenga momwe lalembedwera, osawonjezera ngakhale liwu limodzi, ndipo oyang'anira amamvetsera nthawi iliyonse osakuuza. Munthu akakufunsa kuti iwe uli mbali iti, suyankha. Umamufunsanso kuti pa mlingo wofika pa 10, akutsimikiza bwanji kuti akavota, chifukwa maganizo a munthu amene adzakhale pakhomo tsikulo alibe ntchito.

Mayankho akasonkhana amapita kwa akatswiri a masamu kuti awalinganize ndi chiwerengero chenicheni cha anthu m'dziko. Ngati akazi achepa pa omwe mwawapeza, yankho la mkazi aliyense limapatsidwa mphamvu yowonjezera. Makampani ambiri ankalinganizanso potengera chipani chomwe munthu anavotera mu 2011, pomwe SNP, chipani chofuna ufulu wa Scotland, inapeza mipando 69 mwa 129 ku nyumba ya malamulo ya Scotland yotchedwa Holyrood. Apa ndi pomwe zinkavuta. Anthu ankasokoneza chisankho chimenecho ndi cha 2010 cha nyumba ya malamulo ya UK yonse ku Westminster, pomwe chipani cha Labour chinatenga mipando 41 mwa 59 ya ku Scotland. Komanso mu 2011 anavota ndi theka lokha la olembetsa, pamene ulendo uno zinkaoneka kuti pafupifupi aliyense atuluka. Anthu masauzande ambirimbiri analibe mbiri ya voti yoti n'kuyezerapo, ndipo panalibe riferendamu ina ya ufulu m'mbuyomo yoti n'kuphunzirapo.

Chomaliza ndi anthu onena kuti sanaganize. Manyuzipepala ankawachotsa kuti mutu wa nkhani umveke bwino. Tiyerekeze kuti mwa anthu 100, a Inde ndi 47, a Ayi 45, osadziwa 8. Mukachotsa 8 aja mutsala ndi 92, ndipo 47 mwa 92 ndi 51 peresenti. Komatu kafukufuku wa anthu 1,000 amatha kuphonya ndi mapointi atatu uku kapena uku. Ndiye 51 ndi 49 sizitanthauza kuti wina ali patsogolo.

Kumayambiriro kwa Ogasiti kafukufuku wa kampani ya YouGov anaonetsa Ayi ali patsogolo ndi mapointi 22. Pa mtsutso wa pa TV wa pa 5 Ogasiti Alistair Darling, mtsogoleri wa gulu la Ayi, anapanikiza Alex Salmond, yemwe panthawiyo anali mtsogoleri wa SNP ndi wa boma la Scotland, pa nkhani ya ndalama: ngati London ikana kugawana nanu paundi, mudzagwiritsa ntchito chiyani? Pa wachiwiri, pa 25 Ogasiti, Salmond anabwezera. Kenako pa 7 Sepitembala nyuzipepala ya Sunday Times inatulutsa manambala atsopano a YouGov, Inde 51, Ayi 49. Paundi inatsika mphamvu m'mawa mwake. David Cameron, Ed Miliband ndi Nick Clegg, atsogoleri a zipani zitatu zazikulu za UK panthawiyo, anasiya zonse ku London n'kuthamangira kuno, ndipo pa 16 Sepitembala anasaina lonjezo patsamba loyamba la nyuzipepala ya Daily Record loti Holyrood ipatsidwa mphamvu zowonjezera.

Masiku amenewo ukayenda mu Glasgow ukanalumbira kuti zatha kale. Mawindo a ku Govan ndi ku Dennistoun anali odzaza zikwangwani za buluu za Inde, bwalo la George Square lodzaza mbendera. Alamu ankagogoda zitseko ndi gulu la Inde, nawonso ndi mlingo wawo wa 1 mpaka 10 woyeza mmene munthu akukondera Inde, ndipo madzulo ankabwera kwathu ndi nkhope yowala kuti ambiri akunena 7, 8, 10. Ndinkawauza kuti alamu, munthu akaona baji pachifuwa panu amakupatsani 7 kuti mupite msanga, wa Ayi weniweni satsegula n'komwe, ndiponso misewu yomwe mukuyendayo ndi yomwe mukudziwa kale kuti imakukondani. Ife a ku Malawi zimenezi sitiyenera kuuzidwa. Mu Juni 1993 anthu anali ndi khadi la chipani m'thumba koma anakavotera nyali.

Pa foni a Ayi ankayankha mwachidule ndiponso motsitsa mawu. Nkhawa zawo zinali penshoni, ngongole ya nyumba, ntchito. Ngakhale pakati pathu Amalawi, tikakumana ku tchalitchi, funso linali loti viza yoperekedwa ndi Home Office, unduna wa UK woona za olowa m'dziko, idzagwirabe ntchito kodi, nanga ndalama zotumiza kumudzi zidzakhala za mphamvu yanji. Anthu otere sankamata chilichonse pawindo.

Usiku wa voti tinachezera kwa alamu. Zotsatira zoyamba zinali za Clackmannanshire, dera lomwe a Inde ankaliwerengera, ndipo linapita kwa Ayi. Alamu anati ndi dera laling'ono, tidikire. Tinadikira. Dundee inati Inde, Glasgow inati Inde ndi 53.5 peresenti, koma ku Glasgow anavota ndi 75 peresenti yokha, kutsika kuposa dera lina lililonse, pomwe dziko lonse anavota 84.6 peresenti. Mwa madera 32, anayi okha ndiwo anati Inde. Kukucha zinadziwika: Ayi 2,001,926, Inde 1,617,989, kapena kuti 55.3 ndi 44.7 peresenti. Alamu anakhala nthawi yaitali ali chete, baji ikadali pa jekete. Mlongo wanga anawapatsa tiyi, sanamukhudze. Nditaimirira kuti nditsanzike, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Alamu, inu munkadziwa. Munatisiya tikudzichititsa manyazi m'misewu inu manambala muli nawo." Ananena pamaso pa mlongo wanga ndi ana. Munthu amene anandilandira pa bwalo la ndege, amene ndinagona pa sofa pake nditangofika, anali kundiona ngati kazitape. Ndinayesa kutsegula pakamwa, anakweza dzanja. Ndinatsika masitepe a fulati yawo miyendo ikunjenjemera, ndipo zaka zinadutsa tisanakhalenso patebulo limodzi.

Ndiyankhe pano, poti tsikulo sanandilole. Wofunsa mafunso saona zotsatira zonse. Amangodziwa za anthu amene walankhula nawo yekha, asanalinganizidwe, ndipo ngakhale zimenezo anasainira kuti sadzaulula. Zomwe ndinkadziwa ine zinali m'nyuzipepala iliyonse: akafukufuku omaliza sabata ya voti ankaika Ayi pa 52 kapena 53. Anaphonya pang'ono, ndipo kuphonyako kunali kokomera Inde. Inenso ndinavotera Inde, chifukwa ndinkakhulupirira kuti dziko losowa anthu ngati Scotland likanakhala ndi malamulo a viza achifundo kuposa a London, ndipo mpaka lero maganizo anga ndi omwewo.

Kwa inu achimwene amene mumalemba pansi pa gawo lililonse kuti mavoti anaberedwa: mavoti a Glasgow anawerengedwa ku Emirates Arena, oimira mbali zonse ziwiri akuyang'ana patebulo lililonse, ndipo Salmond yemweyo anavomereza zotsatira m'mawa wa pa 19 Sepitembala, masana ake n'kulengeza kuti atula pansi udindo. Ngati muli ndi umboni womwe iye analibe, ubweretseni tiuone.

Gawo lotsatira ndi la 2016, pomwe mafoni omwewo anayamba kufunsa za Brexit, nkhani yoti UK ituluke mu European Union, ndi mmene matenda a mlongo wanga anatikakamizira ine ndi alamu kukhala pa benchi imodzi kuchipatala.