Kaboti kayandama, tsopano ndikuyeza katundu

Kaboti kachidole kamene ndakhala ndikupanga katha, ndipo sikakulowa madzi. Ndakapanga ndi pulayiwudi potsanzira maboti a m'ngalande za kuno ku Birmingham, aja otalika mafiti pafupifupi 70 koma m'lifupi mafiti 7 okha, kuti azikwana m'ma lock opapatiza a dera lino, zipinda za zitseko zomwe amadzazamo kapena kukhetsamo madzi kuti boti likwere kapena litsike. Lock yomwe ndikupangira kabotika ikadali makoma awiri opanda zitseko, ndiye sabata ino ndinaisiya kaye n'kuyamba zoyeza katundu.

Eni ngalande ankalipiritsa msonkho potengera matani ndi mtunda, choncho ankafunika kudziwa kulemera kwa malasha ali m'boti osawatsitsa. Pa Erie Canal ku America, ngalande yomwe inatsegulidwa mu 1825, ankaika boti lonse pasikelo. Likalowa m'chipinda ankatseka zitseko, kukhetsa madzi, mpaka botilo litakhala pachimango cholumikizidwa kusikelo. Kenako ankachotsera kulemera kwa boti lopanda kanthu, monga amachitira wogula chimanga pochotsera thumba. Nyumba yochitiramo zimenezi ya ku Syracuse, yomangidwa mu 1850, ilipobe ndipo pano ndi myuziyamu. Makina otere ndi okongola, koma ine sindingawathe ndi guluu ndi sowo yanga yaing'onoyi.

Ndatengera njira ya kuno, imene kwa ine ndiyo yanzeru kuposa. Boti latsopano ankapita nalo kumalo oyezera, ngati a ku Tipton, pafupi ndi Birmingham, omangidwa mu 1873. Kumeneko ankalongamo zitsulo zodziwika kulemera kwake, pang'onopang'ono, uku akulemba m'buku mainchi a m'mbali mwa boti otsala pamwamba pa madzi. Kuyambira pamenepo kalaliki wa msonkho ankangofunika ndodo yoyezera ndi bukulo. Apisa ndodo m'mbali mwa boti, awerenga mainchi, ayang'ana m'buku, matani awo! Sikelo yake ndi madzi omwewo.

Ineyo zitsulo zanga ndi mabawuti ofanana, ndodo ndi rula ya mwana wanga, ndipo ngalande ndi bafa. Mayi a kunyumba akuti bafalo ndilibweze lisanafike Loweruka.

Chomwe chandisangalatsa n'chakuti kaboti kamatsika mofanana pa bawuti iliyonse, chifukwa m'mbali mwake ndi moongoka ndipo pansi n'paphwatalala. Manambala m'kope mwanga akungotsatana bwinobwino. Koma ndikaunjika mabawuti onse kutsogolo n'kuyeza kumbuyo, rula imanena kuti katundu ndi wochepa, pomwe kaboti kalemedwa. Apa ndiye ndamvetsa chifukwa chake makalaliki ankayeza malo anayi, awiri mbali iyi, awiri mbali inayo, n'kutenga chapakati. Woyendetsa boti wochenjera akanapulumutsa ndalama zambiri pongokankhira malasha kumene ndodo sifika.

Vuto lina ndi la thabwa. Likakhalitsa m'madzi limamwa, boti n'kulemera lokha, ndipo buku lija limayamba kunamizira mwini boti kuti wanyamula zambiri. N'chifukwa chake maboti akale ankawayezanso, makamaka akakonzedwa. Kanga ndakapaka vanishi mkati ndi kunja, ndipo ndikasiya m'madzi usiku wonse kuti ndione ngati manambala asuntha.

Zikatha izi ndibwerera ku zitseko za lock. Ndikufuna zija ziwiri zokumana pakati mosongoka, zomwe madzi akamazikankha m'pamene zimathinana kwambiri. Ndikaonetsetsa kaye zitseko za ku Farmer's Bridge, kuno ku Birmingham, komwe kuli ma lock 13 otsatizana, makamaka m'munsi momwe zimagundana ndi mtanda wapansi, chifukwa pazithunzi sipaoneka.