Njinga yanga yanyamuka ku Johannesburg

Abale anga, lero njinga yanga yakwera basi ya ku Blantyre. Ine ndiitsatira sabata yamawa, ndikufuna ndikapalase msewu wa M5 kuchoka ku Salima kukafika ku Nkhata Bay.

Amene mukufuna kutumiza njinga ulendo wautali chonchi, chonde musaipereke ili yosakuta. M'munsi mwa basi amapanikizamo zikwama, mafiriji ndi matumba, ndipo njira yake ndi yaitali: Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue, kenako Mwanza. Pemphani katoni kushopu ya njinga. Chotsani tayala lakutsogolo ndi mapedalo, mupotoze mahandulo agone m'mbali mwa fulemu. Pedalo yakumanzere imamasuka mozungulira chakumanja, musalimbane nayo mpaka kuononga mazinga. Pakati pa foloko ikanipo kamtengo kuti isafinyike.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chosinthira magiya chakumbuyo chija. Chikapindika, magiya sagwiranso bwino, ndipo kumidzi ya kunyanja chatsopano sichipezeka msanga. Ndachimasula n'kuchikulunga ndi nsanza.

Lisiti yogulira njinga ipite limodzi ndi katoniyo, chifukwa pachipata a MRA angaifune.