Zikomo kwa inu amene munandidzutsa pamene umboni wanga unagumuka

Lachisanu lapitali ndinaima pa bolodi kwa maola atatu, ndikuyankha mafunso a oyesa. Kenako anandiuza kuti ndiyambe ndatuluka. Ndinadikira panja, manja ali mbuu ndi choko, mtima uli phaphapha. Atandiitananso, wamkulu wawo anaimirira n'kundigwira chanza, amvekere, "Takulandirani, a Dokotala." Basi, PhD yanga ya masamu inathera pomwepo, patatha zaka 7.

Mauthenga amene mwanditumizira ndi ochuluka zedi, ndipo onse ndawawerenga. Koma alipo anthu angapo amene sindingawathokozere kumbali. Kuti mumvetse chimene anandichitira, mundilole ndiyambe ndafotokoza dzenje limene ndinagweramo.

Nthambi ya masamu imene ndimachita imatchedwa representation theory. Mlongo wanga atandifunsa kuti kodi zaka zonsezi ndikuwerengetsera chiyani, ndinadula katoni, n'kupanga kachinthu ka makona atatu kofanana mbali zonse. Ndinakaika patebulo, n'kumuuza kuti akanyamule, akatembenuze mmene angafunire, koma akabwezere pamalo pake penipeni. Anapeza njira 6: kukasiya chomwecho, kukazunguliza kawiri, ndi kukagadabuza katatu. Njira zimenezi zikakhala pamodzi timazitcha group. Ntchito yathu ndi kusandutsa njira iliyonse kukhala kabokosi ka manambala kotchedwa matrix, kuti kutembenuza kuja kusanduke kuchulukitsa manambala, kenako n'kuphwanya zonsezo mpaka titapeza tizidutswa tosathekanso kuphwanyika. Kwa kakatoni kaja tizidutswato tilipo titatu, kukula kwake 1, 1 ndi 2. Mukachulukitsa nambala iliyonse ndi iyo yomwe n'kuphatikiza, mupeza 1 + 1 + 4, yomwe ndi 6 ija. Mpaka lero kamandisangalatsa kameneka ngati tsiku loyamba lomwe ndinakaona.

Anayambitsa zonsezi ndi Georg Frobenius ku Berlin mu 1896, atalandira makalata a Richard Dedekind okhala ndi funso limene linamuvuta. Patangopita zaka zochepa Heinrich Maschke anaonetsa kuti kuphwanya kumeneku kumatheka nthawi zonse, zidutswa n'kulekana bwinobwino. Koma umboni wake uli ndi sitepe imodzi imene zonse zatsamirapo: umagawa ndi chiwerengero cha njira zija.

Ine ndimagwira ntchito kumene sitepe imeneyo imakanika. Kumeneko manambala amazungulira ngati wotchi. Mumasankha nambala ya prime, ndiye kuti nambala yosagawika ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe, tinene 3, ndiye mukawerenga kufika pa 3 mwabwerera pa 0. Zikatero 1 + 1 + 1 ndi 0, ndipo 6 nayenso ndi 0, pomwe palibe munthu angagawe ndi 0. Kachidutswa kaja ka kukula 2, kamene kanali kolimba, kamapezeka kuti kali ndi kena m'mimba mwake, koma kokanirira, kosatheka kukachotsa n'kukaika padera. Pa nkhani ya kusinthanitsa malo a zinthu zambiri, Frobenius ndi Alfred Young anapeza mayankho kalekale pa manambala wamba, koma pa manambala ozungulirawa, kukula kwa tizidutswa tonse sikunadziwikebe mpaka pano.

Zonsezi ndinkazidziwa. Ndinkaziphunzitsa ngakhale kwa ophunzira ena. Komabe mkati mwa lemma ina (mfundo yaing'ono yothandizira kutsimikiza mfundo yaikulu) imene ndinailemba usiku umodzi ndili wokondwa, ndinagawa ndi nambala imene nthawi zina imasanduka 0. Inali yobisika mkati mwa zilembo zambiri, ndipo ntchito ya zaka ziwiri inamangidwa pamwamba pake.

Woyamba kumuthokoza ndi amene anaona cholakwikacho. Achimwene, tinkakhala ofesi imodzi, inu mukuchita zanu. Munatenga theorem yanga, mfundo yaikulu imene ndinkati ndaitsimikiza, n'kuiyesa pa kompyuta ndi pulogalamu ya GAP, mwa chidwi chabe, ndipo manambala sanagwirizane. Mukanatha kungokhala chete. Mukanathanso kudikira tsiku la semina kuti mufunse pagulu. M'malo mwake munadikira onse atuluke, munatseka chitseko, n'kuika pepala limodzi patebulo panga, chala chanu chili pa mzere womwewo. Ine ndinakhala mwezi wathunthu osakulankhulani bwino. Pepani kwambiri. Munandipulumutsa ku manyazi aakulu, ndipo ine ndinakubwezerani nkhope yokwinya. Ndikufuna aliyense adziwe kuti popanda inu ndikanapereka bodza kwa oyesa, ndili ndi mtima wonse.

Miyezi yotsatira inali yowawa. Tulo tinatha. Ndalama za sukulu zinali kumapeto. Ndinkadzuka m'mawa, kuvala, kutuluka ngati ndikupita ku ofesi, koma n'kumakangokhala pa benchi kuseri kwa laibulale mpaka dzuwa kupendeka. Milungu itatu sindinauze munthu kunyumba.

A Pulofesa, aphunzitsi anga, inu munandisakasaka mpaka munandipeza. Ndinkayembekeza kuti mukalipa, kapena mundiuza mwaulemu kuti mwina masamu si anga. Inu munangotenga choko n'kunena kuti, "Tiyeni tione pomwe yathyokera." Tinaima pa bolodi mpaka mdima. Tsiku limenelo munandikumbutsa nkhani ya George Lusztig, amene cha m'ma 1980 anapereka ganizo lalikulu la mmene tizidutswa tosaphwanyika tija timakhalira pa manambala ozungulira. Mu 1994 Andersen, Jantzen ndi Soergel anatsimikiza kuti n'zoona ngati prime ili yaikulu kwambiri, ndipo akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti zimagwiranso pa ma prime ocheperapo. Mu 2013 Geordie Williamson anaonetsa kuti ayi, malire amene anthu ankayembekezera aja ndi olakwika, ndipo ganizo lina lotchuka la Gordon James linagwera limodzi. Simunandiuze zimenezi pofuna kundinyengerera. Munkafuna ndione kuti m'nthambi yathu ino, malo amene zinthu zimakanika kugawika ndiye pamene pali nkhani, ndipo ine ndinali nditapunthwa pamalo oterowo. Munandituma kuti ndikalembe zitsanzo zonse zimene theorem yanga inalephera, chimodzichimodzi, pamanja. Zinandikwana, sindibisa. Koma pa chitsanzo cha 11 ndinayamba kuona kuti kulepherako kuli ndi dongosolo lake. Mutu wachinayi wa thesis yanga, buku la kafukufuku wanga, umene oyesa anaukonda kuposa yonse, unabadwira pamenepo. Theorem imene ndatsala nayo ndi yaing'ono kuyerekeza ndi imene ndinkalota, koma ndi yoona. Masamba amene munkandibwezera ali psuu ndi inki yofiira ndawasunga onse.

Pali anthu awiri amene sangawerenge izi, koma ndikufuna kuwatchula, chifukwa usiku umene tulo tinkakana ndinkawerenga za moyo wawo. Issai Schur, wophunzira wa Frobenius, anabadwa mu 1875, ndipo lemma yake ndi chida chimene aliyense wa ife amachigwira tsiku ndi tsiku. Ankaphunzitsa ku Berlin, ophunzira n'kumadzaza chipinda. Chifukwa anali Myuda, boma la Nazi linamuchotsa ntchito mu 1935. Anachoka ku Germany mu 1939, n'kukamwalira ku Tel Aviv pa 10 Januwale 1941, tsiku lomwe ankakwanitsa zaka 66. Wophunzira wake Richard Brauer anachotsedwa ntchito ku Königsberg mu 1933, n'kuwolokera ku America. Mu 1935 anapeza malo ku Toronto, ndipo kumeneko, pamodzi ndi wophunzira wake Cecil Nesbitt, anayala maziko a masamu a manambala ozungulira amene ine ndimadyerapo lero. Pambuyo pake anakaphunzitsa ku Michigan, kenako ku Harvard kuyambira 1952. Sindikuyerekeza vuto langa ndi lawo, ayi, kungakhale kusowa ulemu. Iwo analandidwa dziko, ine ndinangolakwitsa mzere umodzi. Koma zinandikhudza kudziwa kuti zida zimene ndinakonzera umboni wanga anazisula munthu amene anali atangothamangitsidwa kwawo, ndipo ndinachita manyazi kukhalabe pa benchi paja.

Mayi a kunyumba, mkazi wanga wokondedwa. Tsiku limene ndinaulula, munali mukupinda zovala za mwana. Munasiya, n'kukhala pansi, n'kundifunsa funso limodzi lokha: "Ndiye zitenga nthawi yaitali bwanji?" Ndinati mwina zaka ziwiri. Munati, "Chabwino." Kuyambira pamenepo munayamba kugwira ntchito mpaka Loweruka, ndipo simunandiwerengerepo ngakhale tsiku limodzi. Ndinu amene munandikakamiza kukaonana ndi dokotala za kusowa tulo kuja, ine ndikukana kuti palibe chimene chikundivuta. Munandiperekeza n'kudikira panja. Digiri iyi yalembedwa dzina langa lokha, ndipo zimenezo zimandipweteka pang'ono, chifukwa mutu umodzi susenza denga, ndipo mbali yolemera munasenza ndinu.

Kwa adokotala aja, amene anandimvetsera osayang'ana wotchi, zikomo. Ndipo kwa aliyense amene akuchita maphunziro otere n'kumadzuka pakati pa usiku mtima ukugunda, chonde pitani mukaonane ndi achipatala msanga, musachedwe ngati ine.

Amayi anga, simunafunsepo kuti representation theory ndi chiyani, koma Lamlungu lililonse foni inkalira. "Mwanawe, samu ija yatheka?" Ine n'kumati ayi, Amayi, sinatheke. Inu n'kumati, "Itheka, ndikukupempherera." Zaka ziwiri funso lomwelo, yankho lomwelo, osatopa. Lachisanu ndinakuimbirani ndisanatuluke n'komwe m'chipinda muja, ndipo nthungululu yanu anaimva ngakhale oyesa.

Ndisaiwale bambo amene amasesa m'nyumba ya masamu. Pa nthawi imene ndinkalemba zitsanzo zija, bolodi la m'chipinda chaching'ono linkadzaza mpaka m'mphepete, ndipo lamulo ndi lakuti madzulo aliwonse lifufutidwe. Tsiku lina ndinaiwala kulemba kuti asafufute, ndipo ndinathamanga m'mawa ndili ndi mantha. Ndinapeza zonse zilipo, ndipo pakona panali mawu olembedwa ndi dzanja lawo, akuti "Osafufuta." Anati anaona kuti ndinachoka mochedwa, ndiye anaganiza kuti n'zofunika. Chitsanzo cha 11 chija chinali pa bolodi limenelo. Bambo, Mulungu akudalitseni.

Kwa oyesa, zikomo chifukwa chowerenga tsamba lililonse. Mmodzi wa inu anapita molunjika pa lemma ija n'kufunsa kuti, "Nanga nambala iyi ikakhala 0?" Ndinamwetulira, n'kupempha choko china.

Mlongo wanga, kakatoni kaja unakasunga, ndipo unabwera nako Lachisanu kali m'chikwama, makona atapindika. Mwezi wamawa ndikuyamba kuphunzitsa kalasi yanga yoyamba ya ma group, ndiye ndikupempha undibwereke, ndikufuna ndikayambire pomwepo.